Malemu a Michael Chilufya Sata: Mtsogoleri Amene Anakwezedwa ndi Mkwiyo wa M'makomboni

Munthu aliyense wofika mu Lusaka pa basi yocokera ku Chipata, ku Kitwe, ku Mongu kapena ku Livingstone amatsikira pa Intercity, m'mbali mwa mseu wa Dedan Kimathi. Asanaponde n'komwe pansi amakhala atazingidwa kale ndi anyamata oitanira mabasi, okankha mawilibala, oyendetsa mataxi ndi azimai ogulitsa zakudya. Ambiri mwa anthu amenewa sadziwa malipiro a pamwezi. Cimene apeza tsiku limenelo ndico cimene banja lidzadya madzulo ku Kanyama, ku Chawama, ku Misisi kapena ku John Laing. Ndi anthu otere, pamodzi ndi anzao a m'misika ndi a kumigodi, amene mu September 2011 anacotsa cipani ca MMD pa ulamuliro umene cinaugwira zaka 20, ndi kuika a Michael Chilufya Sata kukhala mtsogoleri wacisanu wa dziko la Zambia.

Codabwitsa pa mbiri ya a Sata ndi cakuti anthu osauka anali kuwaona ngati munthu wakunja kwa gulu la olamulira, ngakhale kuti iwo anakhala pa maudindo a boma zaka pafupifupi 20, poyamba pansi pa a Kenneth Kaunda, kenaka pansi pa a Frederick Chiluba. Kodi munthu amene anadya nao m'mbale ya akuluakulu anakwanitsa bwanji kukhala mlomo wa anthu otsala panja? Nanga atalowa m'nyumba anawacitira ciani?

Ubwana ndi nchito zoyamba

A Sata anabadwa pa 6 July 1937 m'boma la Mpika, limene nthawi imeneyo linali m'cigawo ca Kumpoto ca dziko la Northern Rhodesia. Analeredwa m'cikhulupiriro ca Cikatolika ndipo anakhala m'mpingo umenewo mpaka imfa yao. Ali mnyamata sanapite patali ndi maphunziro a m'kalasi, cinthu cimene adani ao a ndale anali kuwanyoza naco kwa zaka zambiri.

Poyamba anagwira nchito ya upolisi m'boma la atsamunda. Atacoka kumeneko analowa m'mabungwe oimira anchito, ndiponso anakhalako ku England, kumene anagwira nchito za manja pa njanji, kuphatikizapo kusesa pa siteshoni ya Victoria mu London. Pobwerera kwao anayamba malonda aoao mu Lusaka ndi kulimbikira m'cipani ca UNIP. Mbiri imeneyi inadzakhala cuma cao pa ndale. Atsogoleri anzao ambiri anali maloya, aphunzitsi ndi akatswiri a zacuma, koma a Sata anali kutha kuima pamaso pa wonyamula katundu monga munthu amene anagwirapo tsache ndi manja ake.

Mzinda wa mbali ziwiri

Kuti timvetse ndale za a Sata tiyenera kumvetsa mamangidwe a Lusaka. Pamene mzinda uwu unakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda anaugawa mwadala. Azungu anapatsidwa malo a mayadi aakulu, a mitengo ndi miseu ya phula, monga Ridgeway ndi Rhodes Park, ndipo pambuyo pake Kabulonga ndi Woodlands. Anthu akuda ogwira nchito anaikidwa m'malo monga Kabwata, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, timene tocepa tinasungidwa pa Kabwata Cultural Village. Amene anasowa malo m'nyumba za khonsolo anamanga okha pa mapulazi a azungu ndi m'mbali mwa maenje okumbamo miyala, ndipo umu ndi mmene makomboni ambiri anayambira. Ufulu wa 1964 unasintha khungu la okhala kumayadi, koma malire aja sunawafafanize. Ndiye cifukwa cake anthu a mu Lusaka amakamba za apamwamba a kumayadi ndi anthu wamba a kukomboni.

A Sata anayambira ndale zao pa malire enieniwo. Mu 1981 anasankhidwa kukhala khansala wa Bauleni, komboni yoyandikana ndi mayadi a Kabulonga ndi Woodlands, kumene kumacokera ambiri ogwira nchito za m'nyumba ndi za ulonda kumayadiko. Mu 1983 anapambana mpando wa Kabwata m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1985 a Kaunda anawaika kukhala bwanamkubwa wa boma la Lusaka. Pa udindo umenewu ndi pamene anadziwika kuti ndi munthu wa zocita. Anali kutulukira pa malo a nchito mosayembekezereka, kukalipira akuluakulu a khonsolo pamaso pa anthu, kucotsetsa zinyalala, kukonzetsa miseu ndi kumangitsa milatho. Lilime lao lakuthwa ndilo linawapatsa dzina lakuti King Cobra, kuwayerekeza ndi njoka yoluma mosacenjeza.

Zaka zimenezo cuma ca dziko cinali kugwa. Mtengo wa kopa unali pansi, nkhongole zinali kukwera, ndipo anthu anali kuima pa mizere yaitali kudikira sopo, mafuta ophikira ndi unga. Kukwezedwa kwa mtengo wa unga kunabutsa zipolowe kumigodi mu December 1986, ndiponso mu Lusaka mu June 1990, kumene anthu oposa 20 anafa. A Sata anaona ndi maso ao kuti boma looneka lolimba lingathe kugwedezeka ndi thumba la unga. Mu 1991 anali atacoka mu UNIP ndi kulowa MMD, cipani cimene cinapambana masankho a pa 31 October caka comweco.

Nduna ya a Chiluba

M'boma la a Chiluba, a Sata anakhala nduna ya maboma ang'ono ndi nyumba, nduna ya za anchito, nduna ya zaumoyo, ndipo potsiriza nduna yopanda unduna wakewake, komanso mlembi wamkulu wa cipani ca MMD. Kulikonse kumene anapita anali kudziwika ndi kufulumiza zinthu ndi kusanyengerera anchito aulesi.

Koma zaka 10 zimenezi ndizo zinabala umphawi watsopano wa m'matauni. Potsatira malangizo a IMF ndi World Bank, boma linacotsa cithandizo pa mtengo wa unga, linayambitsa kulipira m'zipatala, ndi kugulitsa kapena kutseka makampani a boma oposa 200. Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994. Kampani ya mabasi ya UBZ inatsatira mu 1995, ndipo malo ake anatengedwa ndi mabasi a anthu wamba, amene anabweretsa khamu la oitanira ndi makondakitala pa masiteshoni. Mafakitale a nsalu anagwa cifukwa ca salaula ndi katundu wochipa wocokera kunja. Migodi ya ZCCM inamalizidwa kugulitsidwa mu 2000. Anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito, ena n'kumwalira asanalandire ndalama zao zopumira. Iwo ndi ana ao ndiwo anadzaza miseu ya Cairo, Freedom Way ndi Lumumba ndi malonda a m'manja.

A Sata anali m'kati mwa boma limene linacita zonsezi, ndipo anali mmodzi wa oliteteza mwamphamvu. Pamene a Chiluba anafuna kusintha malamulo a dziko mu 2001 kuti aimenso kacitatu, a Sata anali patsogolo pa ocirikiza maganizo amenewo, pomwe mipingo, maloya ndi mabungwe ena anali kuwakana pansi pa Oasis Forum. Nduna ndi aphungu amene anatsutsa anacotsedwa m'cipani. A Chiluba atagonja pa nkhaniyi, ambiri anali kuganiza kuti mpando udzapita kwa a Sata. Koma cipani cinasankha a Levy Mwanawasa, amene anali atatula pansi udindo wa waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 1994. A Sata anakhumudwa, anacoka, ndi kuyambitsa cipani ca Patriotic Front, ndipo a Guy Scott anakhala mmodzi wa anzao oyambirira.

Kuyambiranso pansi

Masankho a pa 27 December 2001 anali owawa kwa iwo. Mwa anthu 11 amene anapikisana, a Sata anakhala pa nambala 7 ndi mavoti osafika 4 pa 100 alionse, ndipo cipani cao cinapeza mpando umodzi cabe m'Nyumba ya Malamulo. Anthu a mu Lusaka anali asanaiwale nkhani ya ulendo wacitatu wa a Chiluba, motero mavoti ao anapita ku UPND ya a Anderson Mazoka ndi ku cipani ca FDD. Ambiri anaganiza kuti nyengo ya King Cobra yatha.

Kugwa kumeneku ndiko kunawasandutsa munthu wakunja. Popanda galimoto ya boma kapena ofesi ya unduna, anabwerera kumene anayambira: m'misika, pa masiteshoni a mabasi, m'makomboni, ndi pa mawailesi a anthu wamba monga Radio Phoenix, kumene omvera anali kuimba lamya ndi kupereka madandaulo ao. Anali kukamba Cibemba, Cinyanja ndi Cingerezi mosakaniza monga mmene anthu amakambira m'basi, ndi nthabwala, mikuluwiko ndi cipongwe cimene atsogoleri ena anali kuopa kucitulutsa. Mu 2005 anamangidwa ataimbidwa mlandu wosonkhezera anchito a kumigodi amene anali pa sitalaka, ndipo kumangidwako kunangoonjezera kuchuka kwao.

Kopa akwera, mphika osasintha

Nthawi yomweyo cuma ca dziko cinayamba kudzuka. Mtengo wa kopa, umene unali pansi pa madola 2,000 pa tani mu 2002, unapitirira madola 8,000 mu 2006 ndi kufika pa madola 10,000 mu February 2011. Mu 2005 ndi 2006 dziko linakhululukidwa mbali yaikulu ya nkhongole zake zakunja, zimene zinali pafupifupi madola 7 biliyoni. Cuma cinali kukula caka ndi caka, ndipo mu July 2011 World Bank inacotsa Zambia pa gulu la maiko opeza zocepetsetsa ndi kuiika pa gulu la m'munsi la maiko a cuma capakati. Mu Lusaka munatsegulidwa masitolo aakulu, Manda Hill mu 1999 ndi Arcades mu 2003. Ku Kabulonga ndi Woodlands kunamera mipanda yaitali ya waya wamagetsi, ndipo magalimoto odula anaculuka m'miseu.

Koma kafukufuku wa boma wa 2010 anaonetsa kuti anthu 60 pa 100 alionse m'dziko lino anali akali osauka, ndipo kumidzi anali pafupifupi 78 pa 100. Mu Lusaka, mzinda wa anthu 1.7 miliyoni panthawiyo, ambiri anali kukhala m'makomboni opanda ngalande, kumene mvula ikagwa madzi anali kulowa m'nyumba ndipo kolera inali kubuka kawirikawiri m'dzinja. Ngakhale a ku Chelstone, Kabwata ndi Chilenje, aphunzitsi, manesi ndi makalaliki olandira malipiro a pamwezi, anali kuona msonkho ukudya gawo lalikulu la ndalama zao, ana ao omaliza sukulu ndi koleji atangokhala pakhomo. Pamene wanchito wamba anali kudulidwa msonkho asanagwire n'komwe malipiro ake, makampani ena a migodi, malinga ndi mapangano a nthawi yogulitsa migodiyo, anali kulipira 0.6 pa 100 cabe pa mtengo wa miyala imene anali kukumba.

Mkwiyo wa anthu sunabwere cifukwa ca umphawi wokha, pakuti umphawi unalipo kale. Unabwera cifukwa anthu anali kumva pa wailesi tsiku ndi tsiku kuti dziko likulemera, kulemerako akukuona ndi maso pa mseu wa Great East, koma m'mbale mwao osakuona. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. A Sata anamvetsa zimenezi kuposa wandale wina aliyense wa nthawi yao, ndipo uthenga wao unali waufupi, woti ngakhale mwana angaubwereze: misonkho yocepa, nchito zambiri, ndalama zambiri m'matumba a anthu, ndi kusintha kooneka m'masiku 90.

Anapezanso pokhomera nkhani yao. Mu April 2005 fakitale yopanga zophulitsira miyala ya BGRIMM, imene eni ake anali a ku China, inaphulika ku Chambishi ndi kupha anchito a m'dziko lino oposa 40. A Sata anadzudzula malipiro ocepa ndi kusasamala za miyoyo ya anchito m'makampani a alendo, komanso alendo ocita malonda ang'onoang'ono m'misika monga ya Kamwala, amene anali kulimbirana makasitomala ndi eni nthaka. Anaonetsa mtima wogwirizana ndi Taiwan, mpaka kazembe wa China, a Li Baodong, anacenjeza mu 2006 kuti ubale wa maiko awiriwa ungathe kuduka a Sata akapambana. Owatsutsa anati mau ao ndi odana ndi alendo ndipo adzathamangitsa obweretsa cuma. Owatsatira anati palibenso wina amene akuima ndi wanchito.

Maulendo awiri olephera

Pa masankho a pa 28 September 2006 mavoti ao anakwera kufika pa 29 pa 100. Cipani ca PF, ca cizindikiro ca bwato, cinatenga mipando yonse 7 ya mzinda wa Lusaka, kuphatikizapo Kabwata, Munali kumene kuli Chelstone, ndi Lusaka Central kumene kuli Kabulonga ndi Bauleni, komanso mipando yambiri ya kumigodi, ku Luapula ndi Kumpoto. Popeza zotsatira za m'matauni ndizo zinayamba kulengezedwa, a Sata anatsogola poyamba, koma mavoti a kumidzi atafika a Mwanawasa anapambana ndi 43 pa 100. Acinyamata a m'makomboni a Lusaka anakwiya, anachinga miseu ndi kuphwanya masitolo, ndipo apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi.

Masankho amenewa anaonetsa malire a uthenga wa a Sata. Mlimi wa kumudzi, ngakhale anali wosauka kuposa wa m'tauni, anali kuyang'ana feteleza wa mtengo wotsika wa boma ndi msika wa cimanga wa Food Reserve Agency, ndipo nkhani ya msonkho wa pa malipiro sinali kumukhudza. Unga wochipa umene wa m'tauni anali kuufuna unali kutanthauza cimanga cochipa kwa mlimi. Conco madera ambiri a kumidzi, kuphatikizapo cigawo ca Kum'mawa, anacedwa kukwera bwato.

Mu April 2008 a Sata anadwala mtima, ndipo boma la a Mwanawasa linawatumiza ku South Africa kukalandira cithandizo. Atacira, adani awiri akalewa anayanjana poyera. A Mwanawasa anamwalira ku Paris pa 19 August caka comweco, ndipo pa masankho a pa 30 October a Rupiah Banda anagonjetsa a Sata ndi mavoti pafupifupi 35,000 cabe.

Boma la a Banda linamanga miseu, masukulu ndi zipatala, ndipo alimi anakolola cimanga coculuka zaka zotsatizana. Koma mu 2009 linacotsa msonkho wapadera wa phindu lalikulu la migodi umene a Mwanawasa anaukhazikitsa mu 2008. Caka comweco khoti linamasula a Chiluba pa mlandu wa ndalama za boma, ndipo boma silinapitirize ndi apilo. Mu 2010 msonkhano wokonza malamulo a dziko unafuna kuti woima pa mpando wa mtsogoleri wa dziko akhale ndi digiri, ndipo ambiri anaona kuti colinga cake ndi kutsekereza a Sata. Mu October caka comweco akapitao a ku China anaombera ndi kuvulaza anchito oposa 10 pa mgodi wa malasha wa Collum ku Sinazongwe, ndipo mlandu wao unathetsedwa mu 2011. Ciliconse mwa izi cinalimbitsa maganizo akuti m'dziko muli malamulo awiri, la olemera ndi la osauka.

Usiku wa bwato

Asanafike masankho a 2011, anthu atsopano oposa 1 miliyoni, ambiri a iwo acinyamata, analembetsa m'kaundula wa oponya voti. MMD inali ndi ndalama zambiri za kampeni, ndipo zitenje, masikipa, njinga ndi zikwangwani zake zinali ponseponse. PF inayankha ndi cilangizo cochedwa Donchi Kubeba, cimene cinachukitsidwa ndi nyimbo ya Dandy Krazy. Tanthauzo lake linali lakuti anthu alandire mphatso za wandale aliyense mwakacetecete, koma asaulule kumene voti yao idzapita. Nyimboyi inali kulira m'maminibasi, m'mabala ndi pa masiteshoni, anthu ataika cala pamlomo. Nyuzipepala ya The Post nayonso inaima kumbali ya a Sata. Iwo eni anafewetsa mau ao pa nkhani ya China, ndipo anafika m'madera amene kale analibe owatsatira, monga cigawo ca Kumadzulo, kumene analonjeza kulemekeza pangano la Barotseland la 1964.

Anthu anaponya voti pa 20 September. Zotsatira zitacedwa, zipolowe zinabuka ku Kitwe ndi ku Ndola. Pakati pa usiku, kukuca pa 23 September, mkulu wa oweruza, a Ernest Sakala, analengeza kuti a Sata apambana. Anapeza 42 pa 100, a Banda 35, ndipo a Hakainde Hichilema a UPND 18. Usiku womwewo anthu anatuluka m'makomboni, wapansi ndi pa mabasi, mahutala akulira, n'kudzaza miseu ya mzinda. A Banda anavomera kugonja misozi ili m'maso, ndipo tsiku lomwelo a Sata, ali ndi zaka 74, analumbiritsidwa pa bwalo la Supreme Court. Unali ulendo wao wacinai.

Malonjezo ndi mpando

Boma latsopano linayamba ndi liwiro. Bajeti ya 2012 inakweza malire a malipiro osadulidwa msonkho kucoka pa K1 miliyoni kufika pa K2 miliyoni pamwezi, m'ndalama zakale, ndi kukweza msonkho wa miyala ya m'migodi ya kopa kucoka pa 3 kufika pa 6 pa 100. Mu July 2012 malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba ndi a m'masitolo anakwezedwa, ndipo a wanchito wa m'nyumba anacoka pa K250,000 n'kupitirira K500,000. Mu 2013 anchito a boma nawonso anakwezeredwa malipiro. Boma linabweza kugulitsidwa kwa Zamtel kwa kampani ya ku Libya ndi kwa Finance Bank kwa banki ya ku South Africa. A Sata analetsa makhonsolo kuthamangitsa ogulitsa malonda m'miseu. Anapanga cigawo ca Muchinga ndi maboma atsopano ambiri, ndi kuyambitsa nchito za miseu za Link Zambia 8000 ndi L400 ya mu Lusaka, imene inalowetsa phula m'madera amene anali kudziwa fumbi ndi matope okha. Pa 1 January 2013 kwacha inacotsedwa maziro atatu.

Koma masiku 90 anadutsa popanda malamulo atsopano a dziko amene analonjeza, ndipo cikalata comaliza coyerekeza malamulowo cinatulutsidwa mu October 2014, iwo ali kale kunja kukalandira cithandizo. Lonjezo la pangano la Barotseland silinakwaniritsidwe. Msonkho wapadera wa phindu la migodi sunabwerere. Kazembe wa China anali pakati pa alendo oyambirira kulandiridwa ku State House. Mu 2013 boma linacotsa cithandizo pa mafuta a galimoto ndi pa cimanga cogulitsidwa kwa ogaya unga, ndipo mitengo ya mabasi ndi ya zakudya inakwera. Anthu ena anayamba kuvala zakuda Lacisanu lililonse posonyeza kukhumudwa. Kumapeto a caka comweco manesi mazana angapo amene anacita sitalaka anacotsedwa nchito, ndipo boma linalengeza kuti silidzakweza malipiro kwa zaka ziwiri. Lamulo la Public Order, limene a Sata anali kulidzudzula ali kotsutsa, linagwiritsidwa nchito kuletsa misonkhano ya zipani zina, ndipo a Hichilema ndi a Nevers Mumba a MMD anamangidwapo.

Nchito za miseu zinafuna ndalama zambiri. Mu September 2012 dziko linakongola madola 750 miliyoni pa msika wa ndalama wa maiko akunja, ndipo mu April 2014 linaonjezera madola 1 biliyoni. Pa masiteshoni ndi m'misika, ena mwa anyamata amene anaimba nyimbo za bwato anayamba kufuna mphotho yao. Makada a cipani, amene analiko ngakhale nthawi ya UNIP ndi MMD, anadzipatsa mphamvu zotolera ndalama pa Intercity, City Market ndi Soweto, ndalama zimene zinayenera kupita ku khonsolo, ndipo mcitidwe umenewu unakula kwambiri m'zaka zotsatira imfa ya a Sata. Wolipira anali yemwe uja anavotera kusintha: woyendetsa basi ndi mai wa pa thebulo la tomato.

Imfa ndi zimene anasiya

Mu 2014 thanzi lao linafooka moonekera, ndipo anasowa pamaso pa anthu kwa miyezi itatu, boma likukana kuti akudwala. Anatsegula Nyumba ya Malamulo mu September, koma sanathe kuwerenga zonse zimene zinakonzedwa. Mu October anapita ku London, ndipo cikondwerero ca zaka 50 za ufulu pa 24 October cinacitika iwo kulibe. Anamwalira pa 28 October 2014 pa cipatala ca King Edward VII ali ndi zaka 77, akazi ao, a Dr Christine Kaseba, ali pambali pao. Anaikidwa m'manda pa 11 November pa Embassy Park mu Lusaka, pamene panagona kale a Mwanawasa ndi a Chiluba. A Guy Scott anagwirizira mpando mpaka a Edgar Lungu anasankhidwa mu January 2015.

Cipani cimene anasiya cinalamulira mpaka 2021. Nkhongole zinapitiriza kukwera, ndipo mu November 2020 dziko linalephera kulipira ciwongola dzanja pa nkhongole za msika wakunja zija. Mphamvu ya kwacha inagwa, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo pa 12 August 2021 acinyamata a mu Lusaka ndi a kumigodi, madera amene anali mtima wa PF, anaima pa mizere kuyambira mbandakuca ndi kupereka ulamuliro kwa a Hichilema, amene anaposa a Lungu ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni. Cimodzi mwa zilengezo zoyamba za boma latsopanolo cinali cocotsa makada m'misika ndi pa masiteshoni a mabasi.

Anthu amakumbukira a Sata mosiyana. Ena amaloza miseu, maboma atsopano ndi malipiro a wanchito wa m'nyumba, n'kunena kuti anali mtsogoleri womva kulira kwa wosauka. Ena amaloza nkhongole, makada ndi malonjezo osakwaniritsidwa, n'kunena kuti anali waluso pa kutsutsa kuposa pa kulamulira. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni.

Cimene mbiri yao imaonetsa poyera ndi cakuti anthu sanawatenge ngati wakunja cifukwa coti sanakhalepo m'boma. Anawatenga cotero cifukwa ca makambidwe ao, malo amene anali kupezeka, ndi zinthu zimene anali kuchula pamene ena anali cete. Mkwiyo umene unawanyamula sunali wao, unali wa anthu oona cuma cikuwadutsa pakhomo, ndipo ndi womwewo umene unathandiza kucotsa UNIP mu 1991, MMD mu 2011 ndi PF mu 2021. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wonyamula katundu pa Intercity sayesa boma ndi ziwerengero za kukula kwa cuma. Amaliyesa ndi mtengo wa thumba la unga, ndalama ya basi yopita kukomboni, ndi nchito ya mwana wake womaliza sukulu. A Sata anapambana cifukwa anadziwa muyeso umenewu, ndipo cipani cao cinagwa cifukwa ca muyeso womwewo.